Mpongozi Wanga Wosewera Gofu

Mwana wanga wamwamuna atandiuza kuti wapeza mbeta, ndinayamba ndafunsa za kwawo kwa mtsikanayo. Anati ku Taiwan. Kenako ndinafunsa za ntchito.

"Amasewera gofu," anandiyankha m'Chingerezi, monga amachitira nthawi zonse ngakhale ine ndimulankhule Chichewa.

"Sindinafunse zimene amachita akaweruka. Ndafunsa ntchito."

"Ntchito yake ndi imeneyo, Amayi."

Ndinangoti kukamwa yasa. Ine ndinakalambira pa unamwino pachipatala chachikulu cha kuno ku Edmonton, kumpoto kwa London, ndipo kumenya kampira sindinkakuwerengera m'gulu la ntchito. Komanso gofu analibe mbiri yabwino m'nyumba mwathu. Malemu bambo a mwanayu, amene tinathawa nawo ku Malawi nthawi ya chipani chimodzi, ankati gofu ndi masewero a anthu amene anawathamangitsa. Ankati m'mawa anthuwo amamenya kampira pakapinga wothirira, masana n'kukalamula kuti uje ndi uje akatsekeredwe. Gofu akangowonekera pa wailesi yakanema, iwo ankazimitsa.

Mtsikanayo anabwera Lamlungu titaweruka kutchalitchi. Anali wamfupi, wa mapewa otambalala, nkhope yopsa ndi dzuwa ngati ya mlimi. Anavula nsapato pakhomo ndisanamuuze, ndipo kapu ya tiyi anailandira ndi manja awiri. Mtima wanga unayamba kufewera pomwepo. Koma manjawo anandidodometsa: lamanja loderako, lamanzere loyera mbee. Ndinaligwira n'kulitembenuza monga ndinkachitira ndi odwala. Iye anaseka, n'kundiuza kuti si matenda ayi, ndi gulovu amene amavala dzanja limodzi lokha.

Anakwatirana n'kukakhala ku Romford, kufupi ndi chipatala chimene mwana wanga ankagwirako ntchito yowongola minofu ya anthu ovulala. N'komwenso anadziwirana, mtsikanayo atapitako ndi mkono wopweteka. Chichewa anatolako pang'ono, chokwanira kupereka moni ndi kunditchula kuti Amayi. Zina zonse tinkalankhulana m'Chingerezi chathu chokhotakhota, changa cha ku Zomba, chake cha kwawo.

Mbiri yake ndinaimva pang'onopang'ono, akamandiperekeza pagalimoto kokagula zinthu. Bambo ake ankagwira ntchito pamalo ophunzirira gofu kum'mwera kwa chilumba chawo, yotola timipira timene mabwana amenya. Mwana ankawatsatira akaweruka kusukulu. Tsiku lina bambowo anadula ndodo yakale yotayidwa kuti ifanane ndi msinkhu wake, ndipo kuyambira pamenepo sanaisiyenso. Anapambana mipikisano ya ana, kenako ya akuluakulu, mpaka gofu anasanduka ntchito. Anapambanapo chikho kwawoko. Atawona kuti kwawo kwamuchepera, anabwera kudzayesa mipikisano ya ku Ulaya. Anandiuza kuti bambo ake sanamuyamikirepo ndi pakamwa. Akamenya bwino, iwo ankangomuikira kampira kena patsogolo.

Chimene chinayamba kunditopetsa ndi mafunso a kutchalitchi. Mpongozi wanga ankakhala paulendo nthawi zambiri, sabata ino ku Spain, yamawa ku Sweden, ndipo mwana wanga ankabwera yekha ku mapemphero. Mnzanga wina wa ku Zambia, wochokera ku Chipata, amene timakhala benchi imodzi, sankatopa nazo.

"Nanga uja mu Thailand wanu ali kuti lelo?"

"Taiwan, amayi. Dziko la anthu aja ankaphunzitsa kulima mpunga kwathu."

"Ni chimodzimodzi. Manje azayamba liti nchito?"

Ndinkamufotokozera mpaka malovu kuuma, ngakhale kuti inenso gofuyo sindinkamumvetsa. Lamlungu lotsatira funso linkabweranso lomwelo.

Chilimwe china mpikisano unachitikira kufupi, pa kalabu ina ya kumalire kwa London, ndipo mpongozi wanga anandiitana. Ndinavala diresi langa la chitenje ndi duku lake. Basi inanditsitsa kutali, chifukwa kumalo otere anthu sapitako pa basi, ndipo ndinayenda m'mbali mwa msewu wopanda poyenda anthu apansi, magalimoto akundipemerera mphepo. Nditafika pachipata, mlonda anandiyang'ana n'kundilozera kumbuyo.

"Akukhitchini akulowera uko."

Ndinamuwonetsa tikiti yanga ya alendo a osewera. Anapepesa, koma mtima unali utandiwawa kale.

Kupsa mtimako kunatha nditamuwona mpongozi wanga akumenya. Munthu amene ndinkamudziwa ngati wamanyazi, wolankhula motsitsa, anaima pamenepo ngati mwini malo. Anazunguza ndodo, ndipo kampira kananyamuka kuti fyuu, kudutsa pamwamba pa dziwe, n'kukatera pafupi ndi mbendera. Ine nthungululu zinangotuluka zokha. Anthu onse anatembenuka. Bambo wina wonyamula kathabwa kolamula kuti tikhale chete anandithamangira. Mwana wanga, amene ndinamupeza komweko, anandigwira mkono n'kundinong'oneza kuti wosewera wina akukonzekera kumenya. Ndiye masewero anji amene munthu saloledwa kusangalala? Tsiku lonse ndinayenda milomo nditaluma.

Gofu ali ndi lamulo lankhanza. Mpikisano ukafika pakati, amene atsalira m'mbuyo amawabweza kwawo chimanjamanja. Tsiku limenelo linali lodula anthu, ndipo mwana wanga anandiuza kuti mkazi wake ali pamalire penipeni. Padzenje lomaliza kampira kake kanaima pafupi kwambiri, mtunda wosaposa mkono wanga. Akangokalowetsa, ndiye kuti wapulumuka. Ndinayamba kale kukonza duku.

Mpongozi wanga anawerama. Anakhala chiweramire nthawi yaitali, mpaka anthu anayamba kuyang'anana. Kenako manja ake anadzidzimuka ngati munthu wagwira waya wamagetsi. Kampira kanadutsa pambali pa dzenje n'kukaima kutali kuposa pamene kanali. Anakamenyanso, kanaphonyanso.

Tinabwerera pagalimoto ya mwana wanga. Titafika pamaloboti ena ndinalephera kupirira.

"Apongozi, chachitika n'chiyani?"

"Manja anakana, Amayi."

"Akupweteka?"

"Ayi. Anangokana."

Sindinamvetse. Munthu wotha kuponya kampira kuwoloka dziwe, n'kulephera kukakankhira m'dzenje limene lili pamapazi ake? Mwana wanga anandifotokozera pambuyo pake kuti vutoli osewera gofu amalidziwa ndipo amaliwopa, ena safuna n'kulitchula komwe. Limagwira munthu akatsala ndi kampira kapafupi, ndipo palibe amene amadziwa bwino chiyambi chake.

Ine sindinavomere. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuwona kuti nthenda iliyonse ili ndi dzina ndi mankhwala, kapena ili ndi dzina lokha, koma osati yopanda zonse ziwiri. Ndinamukakamiza mpongozi wanga kukayezetsa magazi. Sanapeze kanthu. Anakawonana ndi dokotala wa mitsempha, naye sanapeze kanthu. Ndinamuletsa khofi. Ndinamupempherera, ndinasala kudya. Iye naye sanagone: anasintha ndodo, anasintha kagwiridwe, anayesa kumenya atatsinzina, anayesa kuyang'ana dzenje m'malo mwa kampira. Chimene chinkandipsetsa mtima koposa n'chakuti kunyumba kwawo ku Romford, pakapeti, ankalowetsa timipira m'kapu kamodzi pambuyo pa kanzake osaphonya. Ndinkakhala pampando ndikuwonerera, ndikuti basi wachira. Akapita kumpikisano, manja ankakananso.

Chaka chimenecho anabwezedwa pakati nthawi zambiri, ndipo pomaliza anataya malo ake m'mipikisano ya ku Ulaya. Anapeza ntchito yophunzitsa pamalo ena omenyerapo timipira kufupi ndi Romford. Ndinapitako tsiku lina kukamusiyira chakudya. Ndinamupeza ataima m'kachipinda kotseguka kutsogolo, mvula ikuwaza, akuphunzitsa bambo wina wonenepa amene ankaphonya kampira n'kumenya mphasa. Bamboyo ndi amene ankalankhula kwambiri. Ndinamumva akumuuza mpongozi wanga kuti anawona pa foni kagwiridwe kena kabwino kuposa kamene akumuphunzitsa. Mpongozi wanga anangomwetulira n'kumuikira kampira kena. Ine ndinatuluka panja kuti ndisanene zimene zinali pakamwa panga.

Kutchalitchi nkhaniyi anailandira ngati yabwino. Mnzanga wa ku Chipata uja anandigwira dzanja.

"Mulungu ni wabwino, amai. Manje ankala pansi. Muzaona muzukulu manje-manje."

"Munthu waluza ntchito imene anaiyamba ali kamwana, inu mukuti Mulungu ndi wabwino?"

"Nanga ija inali nchito?"

Ndinanyamula chikwama changa n'kukakhala benchi ina. Tinatha milungu ingapo tisakulankhulana.

Kumapeto kwa chaka kumakhala mpikisano wa anthu ofuna kubwerera m'gulu la osewera mipikisano ya ku Ulaya. Mpongozi wanga sankanena ngati apita kapena ayi. Tsiku lina atabwera onse awiri kwathu, mpongoziyo ali m'bafa, mwana wanga anandiuza kuti akufuna mkazi wake asiyiretu.

"Amayi, simukumuwona mmene amakhalira akabwerako. Sadya, salankhula. Zakwana."

"Ndiye afere m'kachipinda kaja, akuphunzitsa anthu osamva?"

"Inu nomwe munkati si ntchito."

"Ndinali ndisanamuwone akumenya."

Mawu anakwera. Iye m'Chingerezi, ine m'Chichewa, aliyense akukoka kwake. Sitinamumve mpongozi wanga akutsika masitepe. Anaima pakhomo la khitchini mpaka tonse tinakhala chete.

"Amayi, inu mukufuna ndichire. Awa akufuna ndipume. Nonse mumandiyang'ana m'manja ndikamanyamula ngakhale sipuni." Ananena modekha, koma nkhope inali itafiira. "Mpikisano umenewo sindipita. Ndikubwerera kwathu. Kuli mipikisano ing'onoing'ono, ndipo kuli bambo anga. Iwo safunsa mafunso."

Ndinayang'ana mwana wanga, ndikuyembekezera kuti adabwa. Sanadabwe. Anayang'ana pansi, ndipo ndinadziwa kuti za ulendowo anali atakambirana kale, kungoti iye ankafuna apite kukapuma, osati kukasewera.

"Nanga iwe?" ndinamufunsa.

"Ndipita naye, Amayi. Anthu ovulala aliko konsekonse."

Ndinakhala pansi. Ife tinachoka ku Malawi mothawa, osati mofuna, ndipo tinapirira kuzizira ndi chipongwe cha kuno kuti mwanayu akhale ndi dziko limene palibe angamuthamangitse. Bambo ake tinawaika kuno. Ndiye iye n'kunyamuka yekha, popanda womuthamangitsa, kupita kudziko lachitatu limene chilankhulo chake sachidziwa, chifukwa cha kampira kokana kulowa m'dzenje. Ndinkafuna kukalipa, koma ndikanakalipira ndani? Mpongozi wanga sanalakwe. Mwana wanga anachita zimene mwamuna ayenera kuchita. Ndipo ine ndemwe ndinali nditangomaliza kunena kuti mtsikanayo asasiye.

Ananyamuka dzinja lisanathe. Pabwalo la ndege mpongozi wanga anandikumbatira, chinthu chimene sankachita, n'kunena m'Chichewa chake chochepa chija kuti, "Pepani, Amayi." Ndinamuuza kuti palibe chopepesa, ngakhale mumtima ndinali ndisanakhululukire aliyense.

Pano mpongozi wanga akusewera kwawoko. Chikho sanapambanenso, komanso sanasiye. Mwana wanga amati manja aja milungu ina amalola, ina amakana, ndipo bambo okalamba a mtsikanayo amayenda pambuyo pake bwalo lonse osanena kanthu. Zotsatira ndimaziyang'ana pa foni, koma zimalembedwa m'zilembo zawo, moti ndinachita kuloweza maonekedwe a dzina lake ngati chithunzi. Nthawi zambiri ndimalipeza pakatikati. Ndikaimba kuti ndifunse ngati pakatikati ndi pabwino, amandiuza kuti si poipa.

Amandiitana kuti ndikawawone, ndipo chipinda anandikonzera kale. Koma chaka chatha magazi anaundana m'mwendo wanga, ndipo dokotala anandiletsa ulendo wautali wa pandege mpaka atandiwonanso. Tsiku lokandiwonalo alisuntha kangapo. Sabata yatha ndinaimbanso kuchipatala, chomwe chija ndinagwirako ntchito, ndipo mtsikana woyankha foni anandiuza mwaulemu kuti ndidikire, adzandidziwitsa okha.