Zikhomo za a Basílio Nzunga

Ku Domwe munthu akamakumba chitsime kapena dzenje la dothi loumbira njerwa, amakhoma zikhomo ziwiri za nsungwi kumtunda kwa dzenjelo n'kumanga luzi pakati pake. Mukamufunsa, akuuzani kuti ndi mmene ankachitira a Basílio Nzunga. Chimene ambiri saonjezapo n'chakuti mwini nzeruyo anamenyedwa chifukwa cha zikhomo zomwezi mpaka manja kuphulika, ndipo nkhani yake imapsetsa mtima mpaka lero.

A Basílio anabadwira cha ku Lifidzi, ndipo ndevu zisanamere bwino anayenda wapansi kupita ku migodi ya ku Joni. Anakhala zaka zisanu ndi zinayi akugwira ntchito pansi pa nthaka. Pobwerera sanabwere ndi njinga ngati anzawo. Anabwera ndi chifuwa chosatha, chala chimodzi chodukira pakati, ndi makutu omva dothi. Akagogoda khoma ndi mpini ankadziwa ngati lili lolimba kapena latsala pang'ono kugwa. Anthu ankawaseka kuti ngakhale m'tchalitchi salowa asanagogode chipupa, koma iwo sankaseka nawo. Anali munthu wa mawu ochepa ndi okakala, woti akakupatsa moni umayamba kudzifunsa kuti walakwanji.

M'chaka cha 1951 asipayi, apolisi a boma la Apwitikizi, anayenda m'midzi kugwira amuna a chibalo, ntchito yokakamiza ija, kuti akakonze msewu wopita ku Kalomwe. A Basílio, poti ankaidziwa pikareta, piki ija yokumbira pouma, ndiponso Chipwitikizi ankachiyankhulako, anaikidwa kukhala kapitawo wa amuna makumi anayi okumba dothi lamiyala lothira pamsewupo. Dzenje lake linali m'mbali mwa phiri, khoma lake lotalika kuposa anthu atatu atasanjikizana. Woyang'anira ntchito yonse anali mzungu amene anthu anamutcha Dipuresa, chifukwa liwu limeneli, loti fulumirani, ndilo linkatuluka m'kamwa mwake tsiku lonse.

Pakati pa ogwidwawo panali Agostinho, mwana wa a Domingas, mlongo wawo wa a Basílio. Anali atangokwatira kumene, mkazi ali ndi pakati. Tsiku lonyamuka a Domingas anagwira mkono wa mlongo wawoyo.

"Achimwene, mwana wamwamuna ndili naye ndi yekhayu. Ndamuika m'manja mwanu. Mudzandibwezere akuyenda ndi miyendo yake."

"Ndamva," anatero a Basílio. Kwa iwo limenelo linali lumbiro lathunthu.

Ntchito inayamba mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. M'dzenjemo munalibe kamphepo n'komwe, moti munthu ankatha kugwa chiimire. A Basílio anakwirira mitsuko iwiri ya madzi pansi pa mtengo wa msuku, ndipo ankasinthanitsa okumba ndi onyamula madengu dzuwa lisanafike pamutu. Analetsanso kufukula pansi pa khoma kupitirira kutalika kwa mkono. Dipuresa ankanyinyirika kuti kapitawo ameneyu akulera amuna ngati makanda, iye ali pa mpando pansi pa ambulera, botolo lili pambali. Miyezi itatu inatha popanda ngakhale mmodzi wothyoka chala.

Itafika Natale, ndiye kuti Khirisimasi, mzunguyo anapita ku Tete kukadya phwando la fesita ndi anzake, ndipo anthu anamasulidwa masiku asanu ndi atatu. Asananyamuke, a Basílio anakwera kumtunda kwa dzenje kumene anali ataona kamng'alu koonda ngati ulusi. Anakhoma chikhomo tsidya lino la kamng'aluko, china tsidya lina, n'kumanga luzi lokungika bwino pakati. Dothi likasuntha iwo kulibe, luzilo lidzawauza.

Mvula inagwa masiku asanu otsatizana, kenaka dzuwa linatuluka lija lowotcha ngati likubwezera. Tsiku lobwerera ku ntchito amuna anafika matupi ali olemera ndi mowa wa chaka chatsopano, maganizo ali ku chimanga chimene anachisiya m'tchire chosapalira. A Basílio sanalole munthu kugwira pikareta. Anakwera okha kumtunda, ndipo anapeza luzi litaduka, chikhomo chimodzi chitapendekera kudzenje. Mumng'alu muja tsopano munkalowa mpini wa khasu wonse.

Anatsika n'kukaima pamaso pa Dipuresa, chipewa chili m'manja.

"Bwana patarawo, lero m'dzenje simulowa munthu. Khoma lamwa madzi, lalekana ndi phiri. Tipatseni masiku awiri tiligwetse kuchokera pamwamba."

"Masiku awiri? Mwagona masiku asanu ndi atatu, mukufunanso ena?"

"Kwerani mukaone nokha. Luzi laduka."

Mzunguyo anaseka, nati iye sayendetsa ntchito ya msewu ndi zingwe za mfiti. Kukwera kumtundako kunali kwa masitepe makumi awiri basi, koma nsapato zake zinali zatsopano, zogula ku Tete, ndipo kunali matope. Analamula kuti anthu alowe. A Basílio anakaima pakhomo pa dzenjelo n'kutambasula manja.

"Wolowa muno ayambe wandiponda ine."

Asipayi awiri anawagwira n'kuwagwaditsa. Anatulutsa mbalamatodya, chithabwa chija chobowolabowola chomenyera m'manja, n'kuyamba kusinthanitsa, dzanja ili, dzanja ilo. Amuna makumi anayi anangoima, mitu ili pansi. A Basílio sanalire. Thabwa likatera, iwo ankangobwereza kuti, "Khoma ligwa." Pofika ka makumi awiri zikhatho zinali zitaphulika, magazi akudontha m'zigongono.

Amene analephera kupirira anali Agostinho. Anatola pikareta yake n'kuyandikira.

"Amalume, chonde khalani chete, akuphani anthuwa. Tilowa, tizikumba pang'onopang'ono kumbali kuno."

"Iwe, taya chimenecho! Ndati taya!"

Koma mphwawoyo anali atatembenuka kale, ndipo amuna ena asanu ndi anayi anamutsatira. Thabwa linaleka pomwepo. Chimene chinawawa a Basílio moyo wawo wonse n'chimenechi, kuti Agostinho sanalowe chifukwa choopa mzungu, analowa kuti manja a malume wake apume.

Asipayi anakhazika a Basílio pansi pa msuku paja, msipayi mmodzi atawapanikiza paphewa. Maso awo sanachoke pakhoma. Dzuwa litafika pamutu anaona timiyala tikugubuduka tokha kuchokera pamwamba, ndipo anakuwa ndi mawu onse amene anatsala nawo kuti anthu athawe. Asanu ndi awiri anathawa. Khoma linatsika lonse nthawi imodzi, phuu, ndipo fumbi litakhazikika pamalo pamene panali amuna atatu panali mulu wofiira.

Palibe anadikira lamulo. A Basílio sakanatha kugwira khasu, choncho anafukula ndi zigongono ndi manja otupawo, akuuza ena poyambira. Awiri anatulutsidwa amoyo, wina atathyoka mwendo. Agostinho, amene anali mkati kwambiri, anamupeza dzuwa litapendeka, dothi lili m'kamwa. Dipuresa anafika pamuluwo atatseka mphuno ndi kansalu, ndipo funso lake loyamba linali lakuti mapikareta okwiririka ndi angati. A Basílio anamuyang'ana nthawi yaitali. Zala zawo zikanatha kupindika tsiku limenelo, bwenzi maliro ali awiri.

Ananyamula mtembo pa machira mpaka kumudzi, a Basílio akutsogolera. A Domingas anatuluka m'munda khasu lili paphewa, anayang'ana machirawo, kenaka mlongo wawo.

"Ndinati akuyenda, achimwene. Ndinati akuyenda ndi miyendo yake."

A Basílio anangoimirira, manja ali lende ngati maungu. Mlongo wawoyo anawaona manjawo, koma kukhululuka kwawo kunatenga zaka. Ukapitawo unathera pomwepo, msewu unatha mwezi wa Marichi, ndipo mzunguyo anapita kukayamba wina kwina. Palibe anamufunsa kanthu. A Basílio sanagwirenso khasu bwinobwino, ndipo masiku awo otsala anathera m'kuyendera zitsime ndi maenje a anthu, mtolo wa nsungwi uli m'khwapa, akukalipira aliyense wokumba mosasamala. Anthu amati pa moyo wawo wonse anawaona akulira kamodzi kokha, ndipo kunali kumanda a Agostinho.

Monga malume, iwo ndiwo anakaloza pokumba. Nthaka ya kumanda nayo inali itamwa mvula yomwe ija. Adzukulu anayi atakumba mpaka m'khosi, a Basílio anaona kamng'alu m'mphepete mwa dzenjelo, kumene dothi linaunjikidwa.

"Tulukani," anatero, ndi mawu osasa.

Amuna anayiwo anaponya makasu kunja n'kutuluka nthawi yomweyo, popanda wofunsa kuti chifukwa chiyani. Anakankhira dothi kutali, anasenda m'mphepetemo, kenaka anaima kudikira kuti mkuluyo anene ngati alowenso.

A Basílio anawayang'ana mmodzimmodzi, ali amoyo, matope ali m'mawondo. Anakhala pansi pa dothi lonyowalo.

"Liwu limodzi," anatero, misozi ikutsikira m'ndevu. "Ndangonena kamodzi, mwatuluka nonse. Dzana ndinanena ka makumi awiri."