Chipewa cha Mawaya pa Mutu wa Amayi

Amayi anayamba ndi kuthira mchere kawiri mu ndiwo. Kenaka anayamba kusochera pobwera ku msika wa Mtakataka, kumene anagulitsa tomato kuyambira ine ndisanabadwe. Chaka chotsatira ankangodzambatuka dzuwa lili paliwombo, kumanga chitenje, n'kulowa mumsewu wopita ku Golomoti, kwawo kobadwira. Anthu a njinga ndiwo ankatibweretsera. Pamudzi panabuka manong'onong'o akuti nkhalamba yoyendayenda chotere ili ndi zake. Za ufiti sankazitchula ine ndili pomwepo, koma ana anasiya kudzatola mango pakhomo pathu.

Achimwene, amene amagwira ntchito ku Salima, anamva kuti ku Mua kwabwera madokotala oona za ubongo ndi makina awo. Anandiimbira foni kuti ndipite nawo amayi. Nditakafunsa kuchipatalako, namwino anandilangiza kuti tsitsi lawo likhale lochapa, lopanda mafuta, ndipo ngati ndi loluka ndilimasule.

Ndinawamasula tsitsilo m'mawa pakhonde. Nditamaliza anandifunsa kuti, "Wamwalira ndani?"

"Palibe, amayi. Tikupita kuchipatala."

"Ukudwala chiyani?"

Ndinati mutu. Pamenepo anavomera kundiperekeza.

Dokotala wake anali mayi wamng'ono kwa ine. Anawakhazika pampando n'kuwaveka chipewa chothina ngati cha mphira, chokhala ndi timabatani ndi mawaya ambirimbiri opita ku kompyuta. Pa kabatani kalikonse ankapakapo mankhwala ozizira onga phala. Amayi anamugwira mkono.

"Simundiwotcha ndi magetsi, inu?"

"Ayi, agogo. Izi sizilowetsa kanthu m'mutu. Zimangomvetsera mmene ubongo ukugwirira ntchito."

"Zikumva zimene ndikuganiza?"

"Ayi, zimenezo sizingamve."

"Nanga n'zantchito yanji?" anatero amayi, n'kumusiya mkono.

Dokotala anawauza kuti atsinzine, kenaka ayang'ane, atsinzinenso. Pa kompyuta pankadutsa mizere yokhotakhota, ina yaing'ono yothithikana, ina yaikulu yotalikirana. Ine sindinatolepo kanthu. Atawavula chipewa anawafunsa mafunso. Mwezi sanaudziwe. Atafunsidwa dzina la pulezidenti, anatchula amene anamwalira kalekale. Dokotala atandiloza ine, amayi anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Uyu ndimamudziwa, amakhala kwathu." Dzina langa silinabwere.

Dokotala anandifotokozera kuti mafunde a mu ubongo wawo akuyenda pang'onopang'ono kuposa mmene amayendera mwa munthu wabwinobwino. Anati makina paokha sagamula, koma akaphatikiza ndi mayankho aja ndi zimene ine ndinamuuza, akuona kuti ndi matenda oiwala amene amagwira okalamba ena. Mankhwala ochiza palibe. Anati ziziipiraipira, ndipo tisamawasiye okha.

Achimwene anabwera Lamlungu n'kufotokozera anthu a ku tchalitchi potuluka mapemphero. Ena anamvetsa, mpaka azimayi awiri anayamba kudzakhala ndi amayi ine ndikapita ku dimba. Ena anati makina saona za kumudzi. Sitinatsutsane nawo.

Tsiku lina amayi atanyamuka monga mwa masiku onse, sindinawabweze. Ndinaimitsa minibasi, tonse tinakwera mpaka ku Golomoti. Titatsika, iwo ndiwo ankatsogolera, ndipo njira sanaiphonye. Pamene panali nyumba ya agogo tinapeza munda wa thonje wa munthu wina. Anaima m'mphepete, anathothola kathonje n'kumakapekesa ndi zala.

"Achoka," anatero. "Mwina apita kukatunga madzi. Tibweranso mawa."

Tinabwerera. Mawa lake anamanganso chitenje nthawi yomwe ija, ndipo ndinawauza kuti tiyambe tadya. Pomaliza kudya anali ataiwala za ulendo. Umu ndi mmene tinakhalira mpaka miyendo yawo inafooka, ndipo anamwalira pakhomo pomwepa nyengo ya dzinja, atagona pamphasa.