A Lumo Sametera Mumdima

Mumsewu mwathu munali wometa amene tonse tinkangowatchula kuti a Lumo. Anali aafupi, a mawu ochepa, mutu wawo dazi lokhalokha, moti tinkawaseka kuti mlimi uyu alibe munda wakewake. Kashopu kawo kanali ndi mpando umodzi, kalilole wothetheka pakona, ndi benchi pamene ife a imvi tinkathera tsiku. Loweruka ankatseka, n'kunyamula kachikwama ka sizasi, lumo, sopo ndi nsalu yoyera, kukameta nkhalamba zimene miyendo inazikana.

Lamulo lawo linali limodzi: sametera mumdima. Wodwala ankamunyamula okha kupita naye pakhonde, ati khungu la munthu wamkulu lili ngati pepala lonyowa, lumo liyenera kuona pamene likuponda.

Ndiye panali a Telala, amene anasoka masuti a ukwati a pafupifupi msewu wonse. Nzeru zawo zitayamba kuthawathawa, mwana wawo wamwamuna anabwera ndi mkazi wake kudzakhala nawo m'nyumba. Pang'ono ndi pang'ono tinasiya kuwaona. Tikafunsa, ankatiyankha kuti bambo agona.

Tsiku lina mpongoziyo anaitana a Lumo, chifukwa a mpingo ankabwera kudzaona wodwala ndipo ndevu zinali zitakula. Anawatengera kuseri kwa nyumba, n'kutsegula loko pa kachipinda kosungiramo makasu ndi zitini za penti, momwe munali a Telala. Anati awametere momwemo. A Lumo anapukusa mutu. Mayiyo anachonderera, kenako anakalipa kuti tsitsi ndi tsitsi, koma iwo anangowerama n'kunyamula a Telala, amene anapepuka m'manja ngati mtolo wa zigamba.

Pakhonde, akuwafunditsa nsalu, anaona mikwingwirima yozungulira mikono yonse iwiri, ina yakale, ina yaiwisi. Pa akakolo chimodzimodzi. A Telala anafulumira kunena kuti anagwa. A Lumo anapaka sopo, nameta mofatsa monga mwa masiku onse, ndipo mpongozi atalowa kukatunga madzi, anawerama pakhutu.

"Achimwene, ndikanene?"

"Mwana wanga adzachita manyazi."

Lumo linapitiriza ntchito yake. Atamaliza, anawapatsa kalilole wam'manja. A Telala anadziyang'ana nthawi yaitali, akusisita masaya olowa m'katiwo ngati akupima nsalu ya mwini.

"Kanene," anatero.

A Lumo anapita ku ofesi ya apolisi yothandiza anthu ozunzidwa. M'mawa mwake kunabwera wapolisi wamkazi ndi bambo wa zachisamaliro cha anthu, ndipo anapeza chingwe chili pa mwendo wa bedi. Msewu unagawikana. Ena anati za m'nyumba ya eni saziulutsa, wometa azimeta basi. Benchi lija linayamba kukhala ndi malo.

Kukhoti tinapita ambiri. Mwanayo anati ankawamanga kuti asasochere kapena kugundidwa ndi galimoto, ndipo analira, misozi yeniyeni. Iye ndi mkazi wake anati za munthu woiwalaiwala sizingamveke. Apa mtima wanga unagwa, poti tinkadziwa kuti masiku ena a Telala sankakumbukira ngakhale dzina la malemu akazi awo. Akangoti ndinagwa, abwerera ku kachipinda kaja.

Woweruza anali mayi wa msinkhu wa ana athu. Anatsika pampando wake, n'kudzakhala pafupi nawo chifukwa makutu anali atalemera, nawafunsa mwaulemu ngati akufuna kulankhula chikhalire. Iwo anakana. Anagwira m'mphepete mwa tebulo, naimirira, nakonza kolala ya jekete imene anaisoka okha kalekale.

"Mwana ndi wanga, sindimukana. Koma chingwe chija n'chake, ndipo chimapweteka."

Ine ndaona zambiri, koma munthu wofooka chotero kuimirira chotero sindinamuonepo.

Woweruza anati pamaso pa lamulo ukalamba susandutsa munthu katundu, ndipo kuiwala si mlandu. Analamula kuti mwanayo ndi mkazi wake atuluke m'nyumbamo, asafikeko popanda wa zachisamaliro. A Telala atapempha kuti mwanayo asam'tsekere m'ndende, woweruza anamva pempholo, koma anachenjeza kuti akadzabwereza sipadzakhalanso kuchonderera. Mwana wamkazi wa a Telala, amene ankakhala kutali ndipo sankadziwa kanthu, anabwera kudzawasamala.

Kalipentala atafika kudzachotsa loko, a Telala anamuuza kuti azule chitseko chonse.

Anakhalabe ndi moyo kanthawi ndithu. Kusochera ankasochera, sindinama. Unkangowapeza kumsika ataima, akuyang'ana msoko wa malaya a munthu wosam'dziwa. Amene wawaona ankasiya zimene akuchita, n'kuwagwira dzanja kubwerera nawo kwawo, iwo akumudandaulira njira yonse za atelala a masiku ano.