Nsambo Imene a Zuze Anapita Nayo

Anandilanda nsambo zitatu za gitala yanga ya besi. Anandilanda masana dzuwa likuswa mtengo, pakhonde pawo ku Sakubva, komboni ya mu Umtali, amayi anga ali chiimire pomwepo. Amene anachita zimenezi ndi a Zuze, a nyumba yoyandikana ndi yathu, munthu amene ndinakula ndikumunjutira popereka moni.

Ndikawakumbukira, nkhope imabwera mochedwa. Chimayamba ndi fungo la girizi ndi utsi wa malasha, limene silinkachoka m'ovololo yawo ngakhale ayichape Loweruka lililonse n'kuyiyanika pampanda wathu, mpaka malaya anga a kusukulu nawonso ankanunkha sitima. Akazi awo anali kumudzi ku Chikwawa. Iwo ankakhala okha, ndi mpando umodzi, ndi kanyundo ka mpini wautali kamene kankagona pansi pa bedi. Ntchito yawo ku njanji inali yogogoda mawilo. Sitima ikaima pa siteshoni ya Umtali, ankayenda m'mbali mwake n'kumamenya wilo lililonse kamodzi, mutu ataupendeketsa ngati nkhuku yaona kabawi. Wilo labwino limalira nthawi yaitali. Long'aluka limangoti gu. Munthu wamkulu, zaka zonsezo, ntchito yake kumvetsera chitsulo.

Akaweruka, khutulo silinkaweruka. Ankagogoda chitseko, ndowa, dzungu la pamsika. Tsiku lina anagogoda ndi chala m'phika wa amayi n'kunena kuti, "Make Fanuwelo, uwu watha." Amayi anaseka, nati m'phikawo anachokera nawo ku Dedza. Patapita masiku atatu unasweka pamoto, nyemba zonse m'phulusa. Kuyambira pamenepo amayi ankakhulupirira chilichonse chotuluka pakamwa pa a Zuze. Mavuto anga anayambira pa m'phika umenewo.

Kuseri kwa chitseko chawo kunkakhala babatoni, ching'oma cha chikopa cha ng'ombe chokhala ndi mtengo wautali ndi waya umodzi. Lamulungu akachoka ku tchalitchi ankachikokera pakhonde, n'kuchikhalira, n'kumaimba du, du, dum, mawu atatu omwewo mpaka tiyi wawo kuzizira. Ana tinkawaseka. Ine ndinkaseka kuposa onse.

Sukulu ndinasiyira Sitandade 5. Musandifunse zambiri: ine ndi masamu tinadana, ndipo palibe anatiyanjanitsa. Gitalayo ndinapanga ndi kalipentala wina wa kumsika, matabwa ake a kabati yakale. Nsambo zinayi zenizeni, zonenepa, anandibweretsera alamu anga kuchokera ku Beira, ndipo mu Umtali monse ndinalibe kwina kozipeza. Zala zanga zinali zothamanga. Tendai, mnyamata wa Chimanyika, mtundu wa eni dzikolo, amene ankaliza chitoliro ndi kutsogolera kabandi kathu, anandimva kamodzi n'kunditenga tsiku lomwelo.

Ukwati wa ku Sakubva si ukwati popanda masitepi. Operekeza akwati amayeserera mwezi wathunthu kulowa muholo m'mizere iwiri, mapazi awiri kutsogolo, limodzi m'mbuyo, kenako onse kutembenuka pamodzi. Loweruka lina masana tinkaimbira masitepi oterewa. Nyimbo yake inali yobwerezabwereza, ine ndinatopa nayo. Ndinathamangitsa zala kukwera m'mwamba, kutsika, kukweranso. Kumbuyo kwa holo anyamata anaimba mluzu, mayi wina analuluta, anthu anatembenukira kwa ine. Pamenepo mzere wa kumanja unatembenuka wa kumanzere usanatembenuke. Wina anaponda chovala cha mkwatibwi, nsalu ya kumutu inang'ambika, kamtsikana konyamula maluwa kanayamba kulira. Ine ndinkaona ngati ndachita zazikulu.

Panja Tendai anandigwira malaya, n'kunditchula dzina limene eni dziko amatitchulira ife ana a obwera.

"Iwe Mubhurandaya, watiphera ukwati."

"Sunamve m'manja mmene amawombera?"

"Ndizvo, ndinamva. Amawombera iwe. Kodi amakwatiwa ndiwe?"

Anati mlongo wake akukwatiwa pakapita miyezi itatu, ndipo ndikakhala ndisanasinthe atenga mnyamata wina. Kunyumba abambo, amene ankagwira ntchito ku khonsolo, sanakweze mawu. Anangoti, "Bandi ikakutaya, lole ya kumapiri ilipo. Ukasenda makungwa a mitengo ngati anzako osiya sukulu." Anzangawo ndinkawadziwa. Ankabwera pa Khrisimasi manja atasanduka ziboda.

Mawa lake masana amayi anasenza gitala yanga pamutu ngati mtolo wa nkhuni, ine ndikuwatsatira, mpaka pakhonde pa a Zuze. A Zuze anayigogoda kumsana, anagwedeza mutu, nati bokosi lilibe mlandu. Kenako anandiuza kuti ndiimbe. Ndinawaonetsa zonse zimene ndinkadziwa. Asanandiyankhe n'komwe anayamba kumasula nsambo: ziwiri zing'onozing'ono, ndi yaikulu kwambiri ija. Anazipinda n'kulowa nazo m'nyumba.

"Madala, mukutani?"

"Uli ndi mawu ambiri, mphwanga. Yamba wanena limodzi."

"Nsambozo ndi zanga."

"Ndi zako, eya. Uzidzatenga imodzi imodzi."

"Liti?"

"Ndikadzamva."

Kumva chiyani, sananene. Ndinayang'ana amayi. Amayi ankayang'ana a Zuze ngati m'busa.

Madzulo aliwonse dzuwa likapendekera ku phiri, anthu akuweruka, ankandikhazika pakhonde pawo moyang'ana msewu. Fumbi lofiira linkakwera ndi njinga za antchito, mbaula zinkayamba kufuka khomo ndi khomo, amayi ankakalipirana pampopi, ndipo kutali ku shedi ya sitima injini inkatsokomola. Iwo ankaloza ndi chibwano. "Uyo wa chipewa. Imba mapazi ake." Ndinkaimba mapazi a munthu wa chipewa pa nsambo imodzi mpaka atakhota. Kenako wokankha njinga yophwa. Kenako nkhalamba yotsimphina, imene inkandivuta kuposa onse chifukwa phazi lina linkachedwa. Munthu wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, woti holo yonse inamuimbira mluzu, kukhala pakhonde n'kumaperekeza anthu osawadziwa.

Tsiku lina ndinapsa mtima n'kuyikometsera, pa nsambo imodzi yomweyo. Ana anasonkhana kuvina, ngakhale wogulitsa malasha anaima. Ndinati lero ndiye lero. A Zuze anamwa tiyi wawo n'kulowa m'nyumba.

Patapita masiku anayi kunadutsa mayi wina atasenza chitini cha madzi. Ndinkaimba mapazi ake maganizo ali kwina, ndikuganiza za lole ija. Mayiyo anayamba kudikula pang'ono m'chiuno, madzi osatayika, ndipo anakhota osacheuka n'komwe. A Zuze anadzuka, analowa, anabwera ndi nsambo imodzi n'kundiponyera pamiyendo.

"Ndachita chiyani?"

"Sanakuyang'ane."

"Ndiye n'zabwino zimenezo?"

"Mangirira, kukuda."

Nsambo yachiwiri inatsala pang'ono kundipengetsa. Anabweretsa kachidutswa ka njanji n'kumakagogoda ndi kanyundo kawo, ine ndiziimba nawo. Tikayenda bwino pang'ono, iwo ankayamba dala kuthamanga. Ndikawatsatira ankaima. "Ukunditsatiranji? Wolakwa ndine." Mawa lake akathamanga ine osawatsatira, ankaimanso. "Nanga mnzako wamusiya yekha kutchire?" Ndinawafunsa kuti chimene akufuna n'chiti, kutsatira kapena kusatsatira. Anati, "Eya." Ndikunena zoona, anayankha choncho.

Ndinakadandaula kwa amayi kuti nkhalambayo ikusewera nane. Amayi anati, "M'phika uja unawuona."

Tsiku lina ndinatopa. Atayamba kuthamanga ndinawayang'ana m'maso, ndinasendera nawo pang'ono chabe, kenako ndinakanirira pamenepo, chala chikulemera, du, du, du, ngati munthu wokoka mbuzi pachingwe. Kanyundo kanalimbana nane, kanalimbana nane, mpaka kanabwerera pamzere. Anaseka, mano awo atatu onse panja, n'kukatenga nsambo yachiwiri. Mawa lake ndinachita chimodzimodzi, ndendende. Anati ndalakwitsa. Mpaka lero sindidziwa kusiyana kwa masiku awiriwo.

Ukwati wa mlongo wa Tendai unafika ndili ndi nsambo zitatu. Dzulo lake ndinakapempha yaikulu ija, mwaulemu, chipewa chili m'manja. Anati, "Ukwati umodzi sufuna zinayi." Tendai ataona chikhomo chopanda nsambo anagwira kumutu. "Maiwe, shamwari, wabwera ndi gitala ya mano ogweluka?" Koma nthawi inali itatha, mizere inali itaima kale pakhomo.

Sindinayang'ane zala. Ndinasankha mapazi a mtsikana wa kumapeto kwa mzere wa kumanzere, wamfupi, wa nsapato zomukulira, amene ankachedwa pang'ono potembenuka. Ndinaimba mapazi ake. Woimba ng'oma atatengeka ndi nthungululu n'kuyamba kuthamanga, ndinamukoka ngati mbuzi ija. Mizere inalowa ngati yasokedwa ndi ulusi umodzi. Anthu anaimirira pamabenchi. Analulutira mkwatibwi, anafupa Tendai, ngakhale wa ng'oma anamupukuta thukuta ndi mpango. Ine palibe anandiyang'ana. Mayi wina wogawa chakudya anandifunsa ngati ndili wa kuchimuna kapena wa kuchikazi. Pomaliza Tendai anangoti, "Loweruka likubwerali tili ku tiyi pati, usachedwe," n'kupita. Lole ya kumapiri inandiphonya motero, popanda wondiuza kuti ndachita bwino.

A Zuze sanalowe muholo. Ndinawapeza panja, kumbali ya mthunzi, dzanja ataligunditsa kukhoma.

"Madala, mwamva?"

"Sindinakumve."

"Simunandimve? Ndaimba maola awiri!"

"Ndamva ukwati. Iwe sindinakumve."

"Ndiye nsambo yanga?"

"Tiona."

Ndinapita kunyumba osadziwa ngati anditukwana kapena andiyamikira. Amayi anati andiyamikira. Abambo anati munthu akati sanakumve ndiye kuti sanakumve.

Miyezi inapita. Ndikafunsa, ankati tiona. Nthawi imeneyo nkhani m'misewu inali yoti Chitaganya chikutha, ndipo anthu akwathu ambiri ankanong'onezana za kubwerera. A Zuze anati khutu lakalamba, akupita kwa akazi awo. Anagawa mpando, anapatsa amayi ndowa. Ine sanandiitane.

Ndinawathamangira ku siteshoni m'mawa wa tsiku la ulendo. Sitima ya ku Beira inali itaima, anthu akukweza mitolo, mabokosi a malata, makina osokera. Amuna awiri ankalowetsa babatoni pakhomo la ngolo, ndipo dzuwa linawala pa waya wake. Sunali waya wakale uja. Inali nsambo yanga, yaikulu, ya ku Beira, yokhala ndi kaulusi kofiira kumapeto. Pomwepo ndinakumbukira kuti amayi anakhala akunena kuti masiku ano babatoni wa a Zuze akulira mokoma. Kuyambira liti? Kuyambira sabata imene anandilanda. Ankaimbira m'nyumba, chitseko chotseka, ine kuseri kwa khoma ndikumva nsambo yanga osayizindikira.

A Zuze ndinawapeza pawindo la ngolo.

"Madala, imeneyo ndi nsambo yanga."

"Ndi yako, eya."

"Munkandiphunzitsa, kapena munkangoifuna?"

Sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Anatsegula pakamwa kuti ayankhe, ndipo ndikhulupirira akanayankha. Koma m'munsi mwa ngolo munamveka ngwee. Mnzawo wa ntchito ankadutsa ndi kanyundo. A Zuze anakweza chala kundiletsa kulankhula, mutu n'kupendekeka. Ngwee. Ngwee. Anamvetsera wilo lililonse la ngolo yawo, ndi la ngolo yotsatira, maso ali chitsinzire, ine ndili chiimire ngati chitsa. Wilo lomaliza litalira anati, "Zili bwino." Kaya ankanena mawilo, kaya ankanena ine. Wenzulo inalira, ngolo inagwedezeka.

"Udzaitenge kumudzi!" anakuwa.

Kumudzi kwake kuti? Ine ndinabadwira ku Sakubva. Chikwawa ndimangoimva.

Ndikuimbabe ndi Tendai. Mabandi ena awiri anabwera kudzandinyengerera, ndipo nditawafunsa chimene akundifunira, wina anati ndikamaimba ine anthu sakhala pansi, koma sakudziwa chifukwa chake. Inenso sindidziwa. Achinyamata akandifunsa kuti woimba besi wabwino amatani, ndimawauza kuti aziyang'ana mapazi, asatsatire wa ng'oma, asamusiyenso yekha. Amandiyang'ana mmene ndinkayang'anira a Zuze, ndipo ndimapsa mtima, chifukwa ndimamva mawu a wakuba akutuluka pakamwa panga.

Chaka chatha Tendai anandibweretsera nsambo yatsopano kuchokera ku Salisbury. Ndinayimangirira, ndinaimba nayo ukwati umodzi, zala zinayamba kuyendayenda, mnyamata wina kumbuyo anaimba mluzu. Nditafika kunyumba ndinayimasula. Chikhomo chachinayi pano ndimakolekapo chipewa.

Zimenezo sizikuchotsa mlandu. Kaya anali mphunzitsi, kaya anali mbala ya khutu labwino, anatenga zitatu n'kubweza ziwiri. Masamu ndinawathawa, koma awa ndikuwadziwa. A Zuze, ngati muli moyo ku Chikwawako, kwatsala imodzi.