Pulagi Yakuda ya Akamwini

A Singano anabadwa pa 14 Malichi 1957, ndipo anayamba kugwira sipanala pa 2 Febuluwale 1974 m'galaja ya amalume awo. Dzinali linabwera pambuyo pake, chifukwa cha kasingano ka m'kabuleta ya njinga yamoto, kamene kamakwera ndi kutsika kuti petulo alowe mu injini mwa muyeso. Anzawo ankakonza mabuleki ndi matcheni, koma iwo ntchito yawo inali yoyanjanitsa mpweya ndi petulo. Pa shelefu ankasunga botolo lodzaza majeti, tizitsulo tachikasu toboola pakati, kalikonse ndi nambala yake. Nambala ikakula, bowo limakula, petulo amalowa wambiri.

Sankakhulupirira mwini njinga aliyense. Munthu akamafotokoza vuto, iwo ankangomasula pulagi n'kuiyang'ana pa dzuwa. Ikayera mbuu, petulo wachepa. Ikada bii, wachuluka. Ikafiirira ngati tiyi wamkaka, zonse zili bwino.

Kunyumba anali ndi lamulo limodzi. Lachisanu pa 9 Ogasiti 1996, mwana wawo wachisamba anafa pa njinga imene iwo eni anali atangoikonza. Kuyambira tsikulo analumbira kuti mwana wawo aliyense sadzagwira chiwongolero cha njinga yamoto. Mzime wawo wamkazi anakula akudziwa zimenezi, anaphunzira unamwino, ndipo pa 26 Novembala 2016 anakwatiwa ndi mwamuna wogawa katundu wa m'masitolo pa njinga yamoto. A Singano anameza malovu owawa, koma mkamwiniyo sanamuchotse diso.

Lolemba pa 4 Malichi 2019 mkamwini analowa m'galaja njinga ikulira ngati ikukalipa. Anali atachotsa ekizozi yake yakale n'kuika ina yaifupi yonyezimira, ndiponso atataya bokosi la mpweya n'kumangapo sefa yapoyera.

"Bambo, ndikabweza moto ikuphulika phu! phu! Ndipo ikutentha kwambiri."

"Wakunamizani ndani, akamwini? Mwaitsegula mphuno ndi kumbuyo komwe, koma chakudya mukuipatsa chakale chomwe. Ikufa ndi njala imeneyi."

Pulagi inali yoyera mbuu. Anachotsa jeti ya 95 n'kuika ya 100, nayendetsa njinga mpaka pa mlatho ndi kubwerera. Inali ikuphulikabe. Anaika ya 105, nakweza kasingano mzere umodzi, napotoza kasikulu ka mpweya pang'ono. Atabwerera kachiwiri, pulagi inali tiyi wamkaka weniweni.

Pa 11 Malichi njinga inabwera ikutsokomola, pulagi ili bii ndi mwaye wouma. A Singano anaona sefa, inali yoyera. Anatsegula kabuleta, osapeza chilema. Anatsuka pulagi, nayendetsa mpaka pa mlatho, n'kubwera ili bwinobwino. Pa 18 Malichi zinachitikanso zomwezo. Kuti asaoneke ouma mutu anatsitsa jeti kufika pa 102, ngakhale mtima unkakana. Pa 25 Malichi pulagi inabweranso yakuda. Apa anawerenga makilomita pa wotchi ya njingayo n'kuwalemba ndi pensulo pa khoma, kuseri kwa chitseko.

"Mumapita kuti ndi njingayi, akamwini?"

"M'tauni momwe muno, bambo. Kumasitolo basi."

Poyankha anayang'ana tayala. A Singano anaona.

Mkamwini atachoka, wowotcherera zitsulo wa khomo loyandikana nalo, mnzawo kwa zaka makumi atatu, anakweza magalasi ake akuda pa chipumi.

"Wakalamba, Singano. Manja ayamba kunjenjemera. Uzingogulitsa mapampu."

"Iwe wotcherera zidebe zakozo. Njinga imeneyi ikakhala m'manja mwanga siinama. Ikachoka pano ikudya petulo wochuluka, ndiye kuti kumene ikupitako mpweya ndi wochepa. Mpweya umachepa kuti?"

Wowotcherera analoza ndi chibwano mapiri a kumpoto, kenaka anasiya kuseka. Onse awiri ankadziwa kuti pamwamba pa mapiriwo pamakhala mkazi amene mkamwiniyo anatsala pang'ono kumukwatira asanakumane ndi namwino.

"Mapanga awiri avumbwitsa," anatero wowotcherera. "Koma usathamange. Ukwati wa mwana sauphwasula ndi pulagi."

Pa 1 Epulo makilomita anaposa a m'tauni ndi makumi anayi ndi awiri. A Singano anawerengera pa zala: kukwera phiri ndi kutsika kamodzi. Kunyumba anayamba kusiya chakudya m'mbale. Akazi awo atafunsa, anati ndi mano. Mwana wawo atabwera kudzacheza Lachinayi, anamuyang'anitsitsa. Anali wotopa, maso olemera ngati munthu wosagona mokwanira, ndipo nkhani ya mwamuna wake ikayamba ankaipatutsa msanga. A Singano anati mumtima: akudziwa, akungobisa manyazi.

Anaganiza zomugwira mbava ndi mbuzi m'manja. Lamulungu pa 7 Epulo, tsiku losagawa katundu, anadzuka tambala atangolira, nafika pakhomo pa ana awo dzuwa likutuluka. Mawu anali atawakonza kale: mwana wanga, longedza, tiye kwanu. Njinga panalibe. Anagogoda kanayi, osayankhidwa. Apo mutu unaima, pakuti sanayembekeze kuti mwana wawonso asowa.

Ali chiimire pakhonde anamva injini chakumunsi, ku bwalo la mpira la kuseri kwa sukulu. Ekizozi yaifupiyo sakanaisokoneza ndi ina. Koma kulira kwake kunali kolemera, kobanika, kwa injini imene ikumira m'petulo, ndipo sinkachoka m'giya yoyamba. Anatsetsereka ndi kanjira ka pakati pa mipanda, nabisala kuseri kwa chimbudzi cha sukulu.

Mkamwini anali pakati pa bwalo, wapansi, akukuwa. Pa njinga panali munthu wovala chipewa chachikulu chomuposa mutu, akuzungulira pang'onopang'ono, zigongono zili njo. Nsapato zoyera zaunamwino anazizindikira asanaone nkhope.

"Bweza choki, mayi! Yatentha kale!" anakuwa mkamwini.

"Ayi! Ndikabweza izima, ndigwa!"

Choki ndi kachitsulo kamene amakoka m'mawa kuti injini yozizira ilandire petulo wambiri, ndipo ikangotentha amakabweza. Mwana wawo ankazungulira bwalolo m'mawa uliwonse kachitsuloko kali kokokedwa. Mwaye uja unali umenewo, ndipo makilomita aja anali a pa udzu womwewu.

Manyazi a zimene anamuganizira mkamwini anabwera, koma mantha anawaposa. A Singano anatuluka poyera. Mwana wawo atawaona anasiya kilatchi mwadzidzidzi, njinga inadumpha n'kuzima. Mkamwini anathamanga kukaigwira, navula chisoti chake.

"Bambo, mlandu ndi wanga. Ndine ndinamu..."

"Khalani chete, akamwini. Ndikufunsa uyu. Unayamba liti?"

"Pa 5 Malichi, ababa." Mwanayo sanatsike pa njinga. "Andisamutsira ku chipatala cha kutsidya kuyambira pa 1 Meyi. Basi yoyamba imafika odwala atadikira maola awiri. Ndinamuletsa ndine kuti asakuuzeni. Ndikudziwa za achimwene."

"Sukudziwa. Unali ndi zaka zinayi."

A Singano akanatha kukana, ndipo mwanayo mwina akanamvera pamaso pawo, n'kupitiriza kuseri ndi mphunzitsi amene sadziwa n'komwe chimene chimadetsa pulagi. Anazungulira njingayo, nagwira buleki ya kutsogolo, naponda ya kumbuyo, nakoka tcheni ndi chala. Tcheni inali yolendewera. Anamuyang'ana mkamwini ndi diso lofiira.

"Mukuphunzitsa mwana wanga pa tcheni yotere? Mawa sikisi koloko njingayi ifike ku galaja. Jeti ya 105 ibwerera, chifukwa ndi ya 102 ija mukanapsereza injini tsiku lina. Sefa yopusayo ndichotsa, ekizozi yakale mukaitenge kumene munaitaya."

Kenaka anawerama, nabweza choki ndi chala chachikulu.

"Liza injini, mwana wanga. Ikafuna kuzima usakoke ichi, uwonjezere moto pang'ono, kilatchi uzisiya ngati ukutsitsa mwana wodwala pa bedi."

Injini inalira mopepuka. Mwana wawo ananyamuka akugwedezeka, ndipo a Singano, a zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu ziwiri, anathamanga pambali pake dzanja lili pa chonyamulira katundu. Anazungulira bwalo lonse osalichotsa.