Seva yotchipayo sindisayinira

Lachinayi lapitali Mayi Nankhoma a ku Nsambe adandilalatira pamaso pa anthu. Adali ndi chifukwa.

Ine ndine mlembi wa kopaletivi yathu ya alimi a mbatata ya kachewere kuno ku mapiri a Neno. Lole yonyamula mbatata imabwera kamodzi pa sabata, nayonso msewu ukalola. Mlimi akafuna malo mu loleyo amalembetsa matumba ake pa foni, ndipo dalaivala amatsata mndandanda womwe watuluka. Dzina lako likasowa, lole imakudutsa ukuyang'ana.

Mndandandawo umasungidwa mu kompyuta ina yaikulu yomwe timachita lendi kunja kwa dziko. Odziwa zinthu amaitcha seva. Palibe mlimi adaionapo, ngakhale ine mlembi sindidaionepo, koma ikagona tonse timadziwa.

Kwa Mayi Nankhoma kulibe netiweki. Kuti alembetse, amasiya khasu, n'kuyenda mpaka pa chulu china kuseri kwa tchalitchi pomwe foni imagwira. Lachiwiri m'mawa adakwera chulucho, nayesa katatu, foni osayankha. Adabwerera kumunda poganiza kuti mwina zalowa. Sizidalowe. Seva idali itazima, ndipo idadzuka masana iwo ali kale pakati pa mizere. Lachinayi lole idadzaza ndi matumba a ena, awo ali pambali pa msewu atasokedwa kale.

"Inu a Mlembi," adatero atandipeza, "mudati tisiye mavenda, tidalire foni. Ndadalira. Tsopano mbatata izi ndidye ndekha?"

Madzulo ake adagulitsa kwa mavenda omwewo, pa mtengo womwe sindingaulembe muno kuopa kuwachititsa manyazi. Ndi mayi wamasiye, ndipo mbatata imeneyo ndiyo idali feteleza wawo wa chaka chino. Zidandiwawa, ndipo zikundiwawabe.

Tsono dzulo komiti idakumana, chifukwa lendi ya seva yatha ndipo tiyenera kusankha. Patebulo padali mapepala awiri. Kampani yoyamba ndi yomwe tili nayoyi, yotchipa. Makina ndi athu tokha ndithu, koma akazima umalemba uthenga wodandaula n'kukhala pa mzere, akuyankhe akafuna. Kampani yachiwiri ndi yodula. Imasunga makina ena pambali oti alowe m'malo oyamba akafa, ndipo ukaimba foni amayankha munthu wamoyo.

Mlangizi wathu wa za makompyuta, a Mbewe, adachokera ku Blantyre ndi nsapato zoyera zomwe sizidakondwere ndi dothi lathu. Adalankhula mofatsa ngati adokotala.

"Akuluakulu, yodulayo ndi ya mabanki. Inu ndi alimi ochepa chabe. Yotchipayi imangozima maola owerengeka pa mwezi, eti? Munthu akhoza kuyesanso nthawi ina basi."

Kuyesanso nthawi ina! Kodi a Mbewe amadziwa kutalika kwa "nthawi ina" kuno? Kwawo, foni ikakana amamwa tiyi n'kuyesanso. Kwathu kuyesanso n'kusiya munda, kuwoloka mtsinje, kukwera mtunda. Maola owerengekawo akagwera pa ola lomwe mayi wayima pa chulu, kwa iye seva yazima sabata yonse.

Amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Sindikutsutsa. Koma kalumo ka a Mbewe kakumeta mutu womwe sadauone.

Ndipo musaganize kuti ndi a Mbewe okha. Matendawa tili nawo tonse. Chinthu chikakhala cha kumudzi, timayamba ndi funso lakuti chotchipa n'chiti. Mpope wa kumudzi, wotchipa. Mlatho wa kumudzi, wa mitengo. Ofesi ya m'tauni ikafuna makina, timafunsa kuti olimba ndi ati. Timaganiza kuti munthu wa kumudzi adazolowera kudikira, ndiye kudikira sikumupweteka. Adakuuzani ndani? Wa m'tauni chimodzi chikafa ali ndi china. Wa ku Nsambe ali ndi njira imodzi yokha, ndiye iyeyo ndi amene akufunika chinthu chosafa chisawawa.

Sindikunena kuti chodula chilichonse n'chabwino, kapena kuti seva yotchipa ndi yachabe. Pomwe tinkayesa dongosololi, palibe thumba la munthu lomwe lidali pangozi, ndipo yotchipayo idatithandiza. Ine ndemwe ndidaisayinira, ndikunyada kuti ndapulumutsa thumba la kopaletivi. Kulakwa kwanga kudali kuisiya pomwepo anthu atayamba kuika thukuta lawo pa iyo. Njinga yophunzirira sunyamulirapo wodwala.

Wapampando wathu, a Kachingwe, adati tivote. Ndidaona manja akuyamba kusuntha kulowera kwa a Mbewe, pakuti ndani amafuna kutsutsa munthu wa sukulu? Ndidaimirira.

"A Wapampando, ndisanalembe mavoti ndili ndi pempho. Kampani yotchipayi ilibe munthu woyankha foni. Ndiye aliyense wokweza dzanja andipatse nambala yake, ndiimate pa chitseko cha ofesi ndi pa sitolo iliyonse. Seva ikazima, alimi aziimbira iyeyo. A Mbewe, tiyambe ndi yanu."

A Mbewe adaseka pang'ono, nati iwo ndi mlangizi chabe. Manja omwe ankakwera aja adapeza ntchito ina, wina kukanda m'khosi, wina kukonza chipewa. A Kachingwe adandiyang'ana moipidwa.

"A Mlembi, mukutiopseza kodi? Alembi alipo ambiri."

"Alipodi, bambo. Koma dzanja ili silisayina."

Voti idaimitsidwa mpaka sabata ya mawa. Sindidapambane, ndipo mwina Lachisanu likudzali ndikhala mlimi wamba. Sindikuopa. Ndalama ya seva yodulayo ilipo ngati komiti ingasiye nkhomaliro za pa misonkhano ndi maulendo ake a ku boma, ndipo ndidawauza zimenezo pamaso.

Inu owerenga amene mumasankhira ena zinthu muli pa mpando wofewa, kodi chomwe mwasankhacho chikafa amayenda mtunda ndani? Inu, kapena wina yemwe simudamufunse?

Ndikutuluka mu ofesi ndidapeza Mayi Nankhoma atakhala pakhonde. Za msonkhano sadafunse. Adangoti, "Mundifufute m'buku lanu la mamembalalo, a Mlembi. Mavenda amaba, koma amabwera."

Buku ndili nalo pano pomwe ndikulemba. Dzina lawo lili pa tsamba lachitatu, ndipo sindidalifufute. Komiti ikafuna seva yotchipa, ipeze mlembi wina, dzinalo adzalifufute ndi dzanja lake.