Miyala ya Mayi Clementina

Mayi Clementina a kwa Nsamala sukulu anasiyira Sitandade 6, koma pomvetsera mavuto a anthu panalibe wowaposa. Amuna awo a Elliam atamwalira, akuparishi anawatumiza ku Balaka kumaphunziro a masiku atatu otsogolera gulu la amayi amasiye. Anzawo anabwerako ndi mapepala ndi zolembera. Iwo anasankha zida zosagula: chitsononkho ndi miyala.

Lachinayi lililonse masana amayi ankakumana pansi pa mlambe, Akhristu ndi Asilamu omwe, poti umasiye sufunsa mpingo. Pobwera aliyense ankatola mwala m'njira, wolingana ndi kulemera kwa mtima wake sabata imeneyo. Wogwira chitsononkho ndiye ankalankhula, enawo kukhala chete, ngakhale mnzawo alire mpaka mamina. Akamaliza ankaika mwala wake m'lichero, ndipo pobalalika ankakataya yonse m'chigwembe.

Zinkathandiza ndithu. Ramla, amene mwamuna wake anamira m'nyanja ya Chiuta, anayamba ndi chimwala chonyamula ndi manja awiri. Patatha chaka ankabwera ndi kamwala ngati nandolo.

Koma ulemu ukachuluka umapweteka. Chitsononkho chikazungulira n'kufika kwa a Clementina, womaliza ankagwada n'kuchiika m'dengu mwawo. "Tathokoza, aphunzitsi." Ndani angafunse mphunzitsi chimene chikumudya mumtima? Nawonso manyazi, ankangotseka ndi pemphero. Mwala wawo, umene ankatola m'njira monga wina aliyense, unkatsala womangidwa pansonga ya chitenje. Ankabwerera nawo n'kukauponya kuseri kwa nyumba, ndipo anachita zimenezi zaka zinayi.

Ana awo awiri ali ku Joni, foni imalira pa Khirisimasi basi. Mnzawo m'nyumba inali wailesi, nayonso mabatire akatha, zii. Anali osungulumwa zomvetsa chisoni, ndipo mudzi wonse unkawatama kuti ndi mayi wolimba mtima.

Chaka chatha malungo anawagwetsa. Lachinayi amayi aja anabwera kudzawazonda, ena kutunga madzi, ena kuchapa. Ramla akusesa kuseri anapeza mulu wa miyala wofika m'bondo.

"Aphunzitsi, miyala ili kuseriyi mukufuna kumangira chiyani? Tiichotse, mungabisale njoka."

"Iyayi, isiyeni," anatero a Clementina ali gone pamphasa pakhonde.

Ramla anatola umodzi n'kuutembenuza. Inali miyala yofiira ija ya m'njira ya kumlambe, ndipo pamulu ponsepo panalibe waung'ono ngakhale umodzi. Anaika tsache pansi. Anapita kunkhokwe, anatola chitsononkho, anachipukuta ndi chitenje chake. Ulendo uno sanagwade. Anakhala pamphasa pomwepo n'kuchiika m'manja mwa a Clementina.

"Aa, inu a Ramla, ine ndili bwino," anatero a Clementina, akufuna kubweza.

Ramla anapinda manja. Amayi enawo anasiya ndowa ndi zochapa, anadzakhala pansi mozungulira, onse chete monga anawaphunzitsira eni akewo. Nkhuku inadutsa pakati pawo, palibe anaipirikitsa.

A Clementina anachiyang'ana chitsononkhocho nthawi yaitali.

"Ine," anatero pomaliza, "ndikamapakula, mpaka lero ndimatengabe mbale ziwiri."